Zofunda Zomwe Sizinkauma

Ine ndimachapa zovala za anthu a m'maboti, kuseri kwa doko, pomwe msewu umayamba kukwera mtunda. Anthu amenewa ndimawadziwa asanatsegule pakamwa. Zovala zawo zimabwera zili gwa ndi mchere, ndipo aliyense amafuna zitauma dzulo.

Mayi amene ndikufuna kunenawa tinangowatcha Adzandi chifukwa cha kayendedwe kawo. Anakhala zaka khumi ndi chimodzi m'boti la thanga ndi amuna awo, moti ankaponda motangadza ngati msewu uwatembenukira. Ankati akatsikira kumtunda makoma a nyumba amayenda pang'onopang'ono kwa masiku awiri, ndiye lachitatu, zinthu zikangoyamba kukhazikika, amakhala akuzula nangula.

Pa doko lililonse ntchito yawo inali yomweyo. M'mawa kukadinditsa mapepala ku ofesi, kenako zigubu kumpopi, silinda ya gasi pa wilibala yobwereka, ulusi wosokera thanga, anyezi ndi mazira kumsika, zochapa kwa munthu ngati ine. Mizinda anaiona yambiri, koma akamaifotokoza mumangomva za komwe mpopi umatuluka mwamphamvu ndi komwe mazira ake ndi osukusa. Amuna awo tinkawati akaputeni, ngakhale munthu amene ankamulamulira anali mmodzi yekha, akazi awowo. Iwo ankatsala m'boti, kuweramira injini ndi kuwerenga mitambo.

Tsiku lomwe Adzandi anabweretsa mtolo wawo wa zofunda, anaima nthawi yaitali kuseri kwa nyumba yanga, pa kadothi kakuda komwe madzi a kumpopi amadontherapo chaka chonse. Anatulutsa m'thumba kabotolo ka nyemba. Anandiuza kuti m'boti anayesapo kudzala m'zitini, koma mphepo ya mchere inkangowaula. Kumtunda anadzala m'madoko ambiri, kuseri kwa maofesi ndi m'mbali mwa mipanda, koma sanaonepo ngakhale imodzi ikutuluka m'nthaka. Akakhala pakati pa madzi ankangoziona m'maganizo, zikuyanga pa mipanda ya anthu osawadziwa, ana a eni ake akuthyola. Anaboola dothi ndi chala n'kukwirira zisanu.

"Achemwali, amuna anga akadzafunsa muziti sizinaume," anatero osandiyang'ana. "Popanda zofunda sitinyamuka."

Ine mbiri yanga ndi imodzi, yosachedwetsa katundu wa munthu, ndipo ndimainyadira. Koma ndinavomera. Zofundazo zinauma masana omwewo, ndinazisita n'kuzilowetsa kunsi kwa bedi.

Masana alionse akamaliza zoyendayenda zawo, Adzandi ankabwera kudzakhala pa beseni lovundikira, maso ali pa dothi. Mashiti a anthu ena ankawakupiza kumsana. Ankayankhula chapansipansi, za nyumba ina ya zenera lobiriwira yomwe anaiona ali pamadzi, za mmene zingamakhalire kuika kapu patebulo osaigwirira. Nthawi zina ankangosinza, thupi likupendamapendama lokha.

Tsiku lachitatu akaputeni anabwera. Ndinawauza kuti sizinaume. Anayang'ana dzuwa lomwe linali kuswa mtengo, anayang'ana chingwe changa, n'kubwerera. Lachinayi anandidandaulira kuti mphepo yabwino ikupita, maboti anzawo onse atuluka, ndipo ikatembenuka adzadikira milungu. Ndinanamanso, nkhope yanga ili gwa, mtima ukundiluma.

Lachisanu sanagogode kutsogolo, anangozungulira kuseri. Anapeza akazi awo atagwada, tsaya lili pafupi kukhudza pansi. Dothi linali litang'ambika pamalo amodzi, koma kanthu kanali kasanatuluke. Bamboyo anaima phee, kapusi ili m'manja. Ine manyazi anandigwira, ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa mtolo uja, wosita bwino, wozizira kale. Anaulandira n'kumapita.

Adzandi anadzuka, n'kusansa maondo. Sanalire. Anangondipempha kuti ndidzazike kamtengo zikadzayamba kufuna poyanga, ndipo anatsazika. Tsiku limenelo ndinapsereza malaya a munthu ndi simbi chifukwa cha mkwiyo. Ndinkadzifunsa kuti munthu angakhale bwanji ndi mkazi zaka zonsezo m'kachipinda koti ukatambasula manja ukhudza makoma onse, osadziwa zomwe zili m'thumba mwake.

M'mawa mwake ndinamva wilibala ikulira pamtunda paja. Anali akaputeni, thukuta lili kamukamu, Adzandi akubwera pambuyo modabwa. Pa wilibalapo anasanjikiza mabulangeti, makatani a m'boti, nsalu za pamipando, majuzi a nthawi yozizira, ndipo pamwamba penipeni panali mtolo womwe uja, osamasula n'komwe.

"Zonsezi zada, mayi," anatero, maso ali kumbali. Kenako anatsitsa mawu. "Kodi nyemba zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti zichite maluwa?"

Ndinawauza kuti mwezi ndi theka, zikakhala zaulesi.

"Musafulumire nazo zochapazi," anatero.

Adzandi sanazimve zimenezi, anali atathamangira kale kuseri. Tinawapeza atakhala pansi penipeni, dzanja lili pakamwa. Imodzi inali itatuluka, khosi lopindika, dothi lidakali pamutu. Akaputeni ananjuta pambali pawo movutikira, maondo akulira, n'kufunsa ngati imafuna madzi tsiku lililonse.

Ine ndinabwerera ku beseni langa. Tsiku limenelo ndinanyika kansalu kovekera pilo kamodzi kokha.