Nyenyezi za Alamu Anga

Alamu anga a Warwick Dunstan akhala akugawa nyenyezi kwa zaka makumi awiri, koma padenga la nyumba sanakwerepo n'kamodzi komwe. Ntchito yawo n'kuyeza ngati nyumba yomwe ikufuna kumangidwa idzakhale yofunda nthawi yachisanu ndi yozizira nthawi yotentha. Womanga amawatumizira pulani, iwo amailowetsa mu kompyuta, kompyuta imatchula nyenyezi, iwo n'kusaina. Zikapanda kukwana zisanu ndi ziwiri, sulolezedwa kukumba ngakhale maziko. Ndiye tangoganizani mmene omanga nyumba kuno kumadzulo kwa Sydney amawagwadira.

Ine ndine Gavin, mchimwene wake wa Marlene, mkazi wawo. Ntchito yanga n'kuyala ubweya wotchinga kutentha m'kati mwa madenga, kukwawa chafufumimba pakati pa akangaude, thukuta lili kamukamu. Nyumba zimene iwo amaziona pa kompyuta, ine ndimazidziwa ndi maondo.

Tikamawotcha masoseji kuseri kwa nyumba ndinkawafunsa kuti, "Koma alamu, nyumba zimenezi mumapita kukaziona?"

"Ndikaone chiyani?" ankatero, akupukuta magalasi. "Gavin, anthu tinagawana ntchito. Ena mumakwawa, ena timaganiza."

Kuganiza kwakeko kunali kotere. Womanga wina, Kelso Brandt, amamanga msewu wonse ndi pulani imodzi, nyumba zofanana ngati mazira m'thireyi. Alamu ankayeza nyumba yoyamba yokha, kenako n'kumangosintha nambala ya puloti. Nyumba makumi awiri ndi ziwiri nkhomaliro isanakwane, uku akudya payi yanyama ndi dzanja linalo. Ati limenelo ndi luso, ife osaphunzira sitingamvetse.

Kenako Marlene anamupeza ndi matenda a mtima. Adokotala sanapsatire: kutentha ndiye mdani wake, akasewera nako kudzamutenga. Alamu anachita mantha, pamenepo sindingawanamizire, mkazi wawo amamukonda. Anagulitsa nyumba yawo yakale yanjerwa, yakhonde lalikulu, n'kugula yatsopano mumsewu wa Kelso, nambala 14.

"Nyenyezi zisanu ndi ziwiri," anatiuza monyada. "Ndinasaina ndekha."

Pa pulani, zenera lalikulu la pabalaza limayang'ana kumpoto, kumene mlomo wa denga umatchinga dzuwa lachilimwe. Nyumba yoyamba ija inalidi choncho. Koma msewu wa Kelso umakhota pa nambala 12, ndipo kuyambira pamenepo nyumba zonse khumi zotsalazo zinatembenuka nawo. Tsiku losamuka ndinatsitsa sofa pansi, ndinayang'ana zenera, ndinayang'ana dzuwa.

"Alamu, galasi lonseli layang'ana kumadzulo."

"Layang'ana kumpoto."

"Ndiye dzuwa lasamuka? Si ilo likubwera kuno?"

Sanayang'ane panja ayi. Anagogoda ndi chala satifiketi imene anali ataikhoma kale pakhoma, m'felemu, mabedi asanalowe n'komwe. Anaika kamakina kakang'ono koziziritsa mpweya, ati aakulu angachititse manyazi nyumba ya nyenyezi zisanu ndi ziwiri, anzawo akaona adzati chiyani.

Januwale anafika ndi ukali wake. Tsiku lina Lachinayi kunatentha madigiri 44, phula mpaka kumata nsapato. Cha m'ma 4 koloko Marlene anandiimbira, mawu ali pansipansi: "Achimwene, bwerani."

Nditatsegula chitseko mpweya unandiwomba ngati ndatsegula uvuni. Dzuwa linali litalowa pabalaza mpaka kukhitchini, kamakina kaja kakulira ngati kamphaka. Mlongo wanga ndinamupeza atagona pa matailosi a kubafa, thaulo lonyowa lili kumaso, milomo itayera. Nanga alamu? Anaima pabalaza akugwedeza choyezera kutentha.

"Chawonongeka ichi. Chikuti 39. Sizingatheke."

Abale, ndinapsa mtima. Zimene ndinawauza tsiku limenelo sindingazibwereze pano. Ndinamunyamula Marlene, iwo akutsatira pambuyo ndi choyezera chawo m'manja.

Marlene anagonekedwa m'chipatala masiku atatu. Atatuluka anakana kubwerera ku nambala 14, anabwera kwanga. Nyumba yanga ndi yamatabwa, yomangidwa ine ndisanabadwe, ili ndi mtengo wa mabulosi chakumadzulo ndipo nyenyezi ilibe ngakhale theka. Koma munthu amagona tulo masana.

Alamu anabwera Lamlungu, atanyamula makeke. Marlene anawakhazika pansi pa mabulosi, ine ndili poteropo ndikunamizira kukonza makina otchetchera kapinga.

"Bambo, ndikufunseni. Musanasaine, munapita kukaiona nyumba ija?"

"Marlene, malamulo sanena kuti munthu azipita."

"Sindinafunse malamulo. Nanga munailowetsa mu kompyuta?"

Anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Ndinalowetsa nambala 1," anatero.

Kenako anayamba kulonjeza. Aika makina aakulu, aika chotchinga panja pa zenera, asintha galasi, abzala mitengo. Ndipo anachitadi zonsezo, mpaka anandipempha ine wokwawa kuti ndikawonjezere ubweya m'denga. Ndinapita, chifukwa cha mlongo wanga. Koma Marlene sanasunthe.

"Ya ife mwakonza," anawauza. "Pa 16 pali mayi wa khanda. Pa 19 pali agogo a Szabo, okhala okha. Onsewo ali ndi pepala lanu m'kabati, akuganiza kuti vuto ndi matupi awo. Lembani kalata ku bungwe limene linakupatsani chiphaso, munene kuti nyumba khumi zija munangokopera, kuti Kelso akazikonze. Mukasaina, ndibwerera tsiku lomwelo."

"Ukudziwa kuti andilanda chiphaso? Dzina langa, Marlene. Zaka makumi awiri!"

"Ndikudziwa, bambo. Inenso zaka makumi atatu ndi inu, ndipo munandipeza pa matailosi."

Kalatayo anailemba, tisawanamizire. Marlene anaiona, inenso ndinaiona: tsamba limodzi, mizere isanu ndi itatu, pansi pali malo a dzina. Imakhala m'thumba la malaya, itapindidwa kanayi. Lamlungu lililonse amabwera ndi makeke awo, amakhala pansi pa mtengo wanga wopanda nyenyezi, amaitulutsa, amaiwerenga milomo ikugwedera, n'kunena kuti pali liwu limodzi limene sakukhutira nalo. Marlene amawathirira tiyi, amawafunsa ngati akudya bwino, ndipo akamapita amawaperekeza mpaka pageti basi. Akabwerera m'nyumba amalira, ndipo zimandiwawa.

Chilimwe chachiwiri chayamba tsopano. Sabata yatha ambulansi inaima pa 19. Munthu amene anasaina mapepala zikwizikwi osawawerenga, pepala limodzi ili wakhala akuliwerenga kwa miyezi khumi ndi umodzi, ndipo mlongo wanga akugonabe m'chipinda changa cha alendo.