Mutu wa nkhandwe m'nyumba ya mkulu wa mpingo

Mlongo wanga wamng'ono atabwera kutchuthi kuchokera ku koleji ku Lilongwe, anandipempha kuti azibwereka makina anga osokera. Masiku amenewo ndinkasoka pakhonde la sitolo ina pa Nsaru. Ndinavomera, poganiza kuti akufuna kuchepetsa mathalauza.

Zimene ankagula pa kaunjika ndi zomwe zinayamba kundikayikitsa: majekete aubweya, bulangete lotuwa, ngakhale siponji ya matiresi akale. Ankadzitsekera nazo m'kachipinda kosungiramo fetereza. Tsiku lina ndinalowamo kukafuna sizasi yanga, ndipo ndinapeza mutu wa nkhandwe uli pampando, makutu ali njo, maso aakulu obiriwira. Unali woti munthu n'kuuvala.

Kwathu chinthu chotere chimatanthauza chimodzi. Bambo anali mkulu wa mpingo, ndipo ndinaganiza kuti mwanayu walowa gule mobisa. Kenako ndinakumbukira mmene ankasekera yekha pafoni, akucheza ndi anthu omwe zithunzi zawo zinali nkhope za nyama. Apo maganizo anathamangira ku za sataniki.

"Kodi chinthu chili m'chipindamo n'cha ndani?" ndinamufunsa.

"N'changa, achemwali. Ameneyo ndine."

"Ndiwe bwanji?"

Anandionetsa foni. Anati ndi gulu la anthu a m'mayiko osiyanasiyana, aliyense amasankha nyama yomwe akuona kuti ikufanana naye, n'kuijambula, ena mpaka kusoka chovala chake.

"Amakupatsa chiyani?"

"Palibe."

"Nanga iwowo akufuna chiyani kwa iwe?"

"Palibenso. Kungoti kumeneko palibe amandiseka."

Mlongo wangayo anali wachibwibwi kuyambira ali mwana, ndipo kusukulu anzake ankamuyeserera mpaka iye kulira. Ndinamumvera chisoni, komabe sindinakhulupirire kuti anthu achilendo angamukonde popanda chomwe akufuna. Ndinauza mayi, mayi anauza bambo.

Bambo sanakalipe. Anaitana alamu awo a mudzi woyandikana nafe, omwe aliyense ankadziwa kuti ndi a gule. Alamuwo anautembenuza mutuwo, anasuzumira m'kati, n'kuubweza.

"Ichi si chathu," anatero. "Koma asayende nacho pamsewu. Anzanga adzati akutinyoza."

Bambo anauza mlongo wangayo kuti auvale mutuwo. Anauvala, n'kuyamba kufotokoza chifukwa chake anasankha nkhandwe: imayenda yokha, anthu amaithamangitsa, koma sichoka m'dera lake. Anagwidwa chibwibwi kawiri kokha, ndipo sanaweramitse mutu monga ankachitira nthawi zonse. Mayi anandinong'oneza kuti zimenezo ndiye zikuwaopsa kwambiri.

"Usatuluke nacho mumpanda," anatero bambo. "Ndipo Lamulungu chisaoneke."

Sabata yotsatira ndinadzipereka kumusokera manja a nkhandweyo, chifukwa misoko yake inali yokhotakhota. Anasangalala, ndipo ndinayamba kumumva akuimba mluzu pakhomo. Atandipatsanso mutuwo kuti ndiuwongole misoko, ndinausomola pang'ono kumbuyo n'kupapasa siponji yonse kuti ndione ngati muli kachithumwa. Munali guluu ndi ulusi wanga basi.

Tchuthi chitatha anaulongedza m'chikwama n'kukwera minibasi. Patapita miyezi ananditumizira chithunzi ali ndi anzake awiri, wina atavala za galu wina za kadzidzi, ataima paudzu kuseri kwa hositelo. Mayi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandituma kuti ndimufunse kuti wa kadzidziyo kwawo n'kuti, ndipo amapemphera mpingo wanji.