Kwawo kwa mkamwini

"Ndikaone kaye kwawo," ndinatero. Mwana wanga wamkazi anali atangondiuza za mnyamata amene anadziwana naye kusukulu ya unamwino ku Murdoch, kuno kunja komwe tikukhala. Wa ku China, mtundu wa Abai. Ine sindipereka mwana kumudzi komwe sindinapondeko.

Sanatsutse. Anangoyamba kukonza ulendo. Madzulo tikamadya ankationetsa pafoni zithunzi za kwawo kwa mnyamatayo: nyanja yaitali, phiri kuseri kwake, nyumba zoyera ngati zopaka laimu, nsalu zabuluu zili pachingwe.

"Adadi, tidzakwera boti. Kenako njinga, m'mbali mwa nyanja."

"Njinga ndinapalasa zokwana ku Mchinji."

"Ndi mimba imeneyo?" anatero mayi ake. "Njinga ya eni ikalira."

Kenako mliri unafika, malire anatsekedwa. Chaka chinatha, china chinayamba. Mwana ankabwera kuchokera kuchipatala nkhope ili mizeremizere chifukwa cha masiki. Zithunzi anasiya kutionetsa. Za ukwati sanatchulenso. Ndinkaziona. Koma mawu ndinali nditanena kale.

Loweruka lina mnyamata uja anabwera kwathu ku Girrawheen atanyamula kaketulo ndi timakapu. Anandipatsa moni ndi manja awiri. Wina anali atamuphunzitsa.

"Bambo, kwathu mlendo timamulandira ndi tiyi katatu."

Woyamba anali wowawa. Ndinamwa osakwinya nkhope.

"Ameneyu ngwa malungo?" anafunsa mayi a mwana.

Wachiwiri anali wotsekemera, wa mtedza. Wachitatu wa uchi, woyabwa pakhosi pang'ono.

Titamwa, mnyamatayo anaimbira mayi ake pavidiyo. Mayi wamfupi, wa imvi. Sitinkamvana, mnyamata ndiye ankamasulira. Mayiwo anafuna kundionetsa nyanja.

"Uwauze nyanja ndinaiona kale. Andionetse pophikira."

Mayiwo anaseka, n'kuyenda ndi foniyo. Miphika yotsuka bwino. Nkhuni zosanja pakhoma. Nkhuku pabwalo, zonenepa. Munthu wosamala pakhomo amaoneka.

Kenako anatsegula chitseko china ndisanapemphe. Chipinda chosesa, bedi loyala nsalu yabuluu ya maluwa oyera. Mnyamata anayamba kumasulira, mawu n'kumuthera. Anayambiranso. Nsaluyo mayi anaimanga ndi ulusi n'kuinyika mu utoto okha atamva kuti tikubwera. Chipindacho sagonamo munthu. Amangochisesa.

Mayi uja anasisita nsaluyo, n'kuloza mwana wanga. Zala zake zinali zabuluu mpaka m'zikhadabo. Mwana wanga anabisa nkhope paphewa la mayi ake.

Ndinatulutsa foni yanga n'kuimbira malume a mwana wanga kumudzi. Nkhani ya ukwati imayambira kwa iwo. Inaitana nthawi yaitali.

"Alamu, kuno kuli mlendo. Akufuna mwana wa mlongo wanu. Mumulandire."

Ndinamuika mnyamatayo foni m'manja.

"Adadi?" anatero mwana wanga.

Ndinavala nsapato pakhomo, n'kutuluka.