Mapepala a Thandiwe pa Maliro a Yohane

Ndinadzuka tambala asanalire, pampando womwe ndinagonapo panja, bulangeti litanyowa ndi mame. Chikuni chimene amuna anachezera nacho chinali chitasanduka phulusa, kutangotsala kadiso kofiira pakati. M'nyumba, momwe tinali titachotsa mipando yonse, amayi a mpingo ankaimba motsitsa ngati oimba ali m'tulo. Linali tsiku loika mng'ono wanga Yohane.

Kunkazizira monga kumachitira ku Chifubu mu Julaye. Utsi wa malasha unangogona pamadenga osakwera. Kuseri kwa nyumba amayi anasonkha moto pansi pa migolo yodula pakati, nyemba zikuwira, kabichi ataunjikidwa pamphasa. Mmodzi mwa otunga madzi anali Thandiwe, mdzukulu wa malemuyo. Anadutsa ndi chidebe pamutu, nandipatsa moni mwaulemu, koma osandiyang'ana. Tinali titakangana.

Mapepala onse a banja lathu ndimasunga ine, m'sutikesi yachitsulo, lililonse mu envulopu yake. Muli makhadi a ubatizo, muli a nyumba, mulinso satifiketi ya sukulu ya Thandiwe ndi pepala lake lobadwira. Mwanayu anali ataitanidwa ku usilikali, ndipo ankayenera kukaonekera Lolemba ndi mapepala enieni, osati ojambulidwa. Agogo ake, Yohaneyo, anamudalitsa ali pabedi m'chipatala. Ine ndinakana kutsegula sutikesi.

Sindinakane chifukwa cha nkhanza. Bambo athu anatengedwa kumudzi kukamenya nkhondo ya azungu ku Burma. Anabwera ndi chifuwa chosatha, jasi limodzi, ndi kapepala kothokoza komwe dzina lawo analilemba molakwika. Ndege ikamadutsa ankalowa pansi pa tebulo, ife ana n'kumaseka posadziwa. Zimene anawalonjeza sizinaoneke mpaka anamwalira. Yohane anabadwa mochedwa, anaona zina. Pamene ankamaliza sukulu, boma lathu lenilenilo linkatenga achinyamata kukaphunzira mfuti, masiku amene azungu a kumwera ankaphulitsa milatho yathu. Iye anakalondera mlatho, nabwera wowonda, akuseka, akulankhula Chibemba ndi Chilozi chothyokathyoka. Moyo wake wonse ankati dziko analidziwira pamlathopo. Ine ndinkamuyankha kuti dziko limakumbuka mlatho, mlonda ayi.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika. Anabwera a ku Kitwe pamaminibasi, anzake akale a kumgodi, ndi abale ochokera ku Chipata maso ali ofiira ndi ulendo. Chifunga chinali chisanathe, choncho ankaoneka ngati akutuluka mu utsi mmodzimmodzi. Pakati pawo panali Ba Chanda, mkulu wamfupi wa Chibemba woyendera ndodo, amene analondera mlatho uja pamodzi ndi Yohane. Makolo a ife Angoni ndi a Abemba anabayana ndi mikondo kalekale. Atatopa, nkhondoyo anaisandutsa chipongwe chimene timachitcha chimbuya, ndipo pamaliro athu Mbemba amachita chimene akufuna. Ba Chanda anatapa ufa kukhitchini, nandithira kumutu pamaso pa anthu onse. Suti yanga yakuda inayera.

"Iwe Mngoni, ndamva wabisa mwana m'sutikesi," anatero. "Makolo ako anawoloka Zambezi ndi zishango, iwe ukuopa envulopu?"

Pachimbuya sakwiya, choncho ndinangomuuza kuti abwerere kwawo akadye anyani. Anayankha kuti Yohane anamudyetsa mbewa pamlatho paja ndipo m'mimba mwake simunakhalenso bwino. Ngakhale mkazi wa malemu anamwetulira m'nsalu yake.

Za m'tchalitchi ndikukumbuka pang'ono: lubani, kuwala kolowera pazenera, ndi wowerenga mbiri ya malemu amene analumpha zaka za usilikali ngati sizinachitike. Kenako tinakwera malole. Tinayenda pang'onopang'ono, nyimbo ya lole yakutsogolo ikufika kwa ife mochedwa, ogulitsa m'mbali mwa msewu akuvula zipewa.

Kumanda kunalibe mbendera, kunalibe lipenga, kunalibe ngakhale msilikali mmodzi wotumidwa. Ndinayang'ana mbali zonse kuti nditsimikize, ndipo mtima unandiwawa. Amene analipo anali madala a pamlatho paja: Ba Chanda, Mlozi wamtali wokhota msana, Mtonga wa diso loyera, ndi wina amene sindinamudziwe. Palibe anawaitana. Anapempha kuti anyamule bokosi kuchokera pachipata, achinyamata nawapatsa malo mokayika.

Sanapite patali. Phewa la wa diso loyera uja linafooka, bokosi n'kupendekera mbali yake. Amuna tisanasunthe, Thandiwe anali atalowa kale pansi pa ngodyayo, nsalu atamanga zolimba m'chiuno. Kwathu mkazi sanyamula bokosi, ndipo anthu anayamba kung'ung'udza. Ba Chanda, osatembenuka, anati amusiye, ndi wa gulu lawo. Mawu a Mbemba pamaliro a Mngoni satsutsidwa. Ba Chanda anayamba kuwerengera mapazi ndi mawu osasa, madala aja n'kuwongoka misana, fumbi lofiira likukwera m'miyendo mwawo. M'fumbimo, dzuwa lili m'maso, ndinaona ngati bambo athu akuyenda pambali pa mwanayo atavala jasi lawo lija. Sankayang'ana kumwamba. Ankangoyenda.

Dothi likuthiridwa, ndinapezeka nditaima pafupi ndi Ba Chanda. Nsapato zake zinali zong'ambika. Ndinamufunsa, osaseka, chimene dziko linamupatsa pa zonse zija. Ndinkadziwa yankho, ndinkangofuna alinene ndi pakamwa pake. Iye analoza m'dzenje ndi ndodo.

"Linandipatsa uyu, mune."

Mune ndi mmene Abemba amaitanira mnzawo.

Madzulo anthu anabalalika. Migolo inatsukidwa, mipando inabwerera m'nyumba, ndipo pabwalo panatsala bwalo la phulusa lokha. Ndinatulutsa sutikesi pansi pa bedi, n'kuitana Thandiwe. Anagwada pakhomo. Ndinayamba ndamupatsa kapepala ka bambo athu kuti awerenge mokweza, dzina lolakwikalo pamodzi, chifukwa sindinasinthe maganizo: amene amatuma ana a eni amaiwala msanga. Atamaliza ndinamupatsa envulopu yake.

"Pepala lililonse limene akakupatse kumeneko lizibwera muno," ndinatero. "Koma lija la uthenga wa imfa, limene amabweretsa anthu ovala yunifolomu atavula zipewa, limenelo sindidzalandira. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

Analandira ndi manja awiri, natuluka mwakachetechete. Nyumba inakhala zii; mkazi wa Yohane anali atagona, wailesi ya malemu ili pamalo pake yosayatsa. Nditawerama kuti nditseke sutikesi, ufa wa Ba Chanda unayoyoka kumutu kwanga n'kugwera pamaenvulopu. Ine amene sindilola ngakhale kafumbi mmenemo, ndinatseka osapukuta.