Matayala a Galimoto ya Alamu Anga

Galimoto ija inabwera ndi alamu anga, achimwene awo a amuna anga, kuchokera ku Joni ine ndisanakwatiwe. Anaigula kwa bwana wawo. Mkati mwake munali bedi, kasinki ndi kambaula ka gasi. Anaiimika pansi pa mtengo wa mango kwa apongozi anga ku Mitundu, n'kubwerera ku ntchito. Inakhala pamenepo zaka, dzuwa likuiwomba mbali imodzi, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Mwana wanga wamkazi atayamba kuyenda ankathawira mmenemo, n'kumagoneka chidole chake pabedi lija.

Chaka chatha alamu anabwerera kumudzi, ndipo banja linagwirizana zokamanga chiliza cha amalume awo ku Nathenje. Anati tonse tipita pa galimotoyo. Anagula batire, anathira mafuta, anapopa matayala. Injini italira, apongozi anaimba nthungululu.

Ine ndimagwira ntchito m'sitolo ya mbewu ndi mankhwala a m'munda, chifukwa ku koleji ndinaphunzira za ulimi. Chimene chimandivutitsa tsiku ndi tsiku ndi mipope yopopera mankhwala. Munthu amabwera nawo mpope akuti wangougwiritsa ntchito nyengo imodzi, koma ukudontha paliponse. Ukautsegula umapeza timalabala take tauma, tasweka tokha chifukwa chokhalitsa. Labala imakalamba ngakhale isakugwira ntchito. Ndiye m'mawa wa ulendowo, ena akukweza ufa ndi nkhuni, ine ndinanyonyomala pambali pa tayala lakumbuyo.

Mizere yake inali yakuya ngati latsopano. Koma m'mbali munali ming'alu ing'onoing'ono yambirimbiri, ngati chidendene cha munthu m'mwezi wa Julaye. Ndinalowetsamo chikhadabo, labala n'kunyenyeka. Ndinali nditawerenga pa foni kuti tayala lililonse limalembedwa m'mbali sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Ndinapukuta fumbi n'kupeza manambalawo. Tayalalo linapangidwa ine ndili ku sekondale.

Ndinawaitanira amuna anga kuseri kwa khitchini.

"Bambo a mwana, matayala aja ndi okalamba."

"Okalamba bwanji, sanayende n'komwe? Sunaone mizere?"

"Kusayendako ndiye vuto lake."

"Iwe, galimoto si yanga. Ukufuna ndikawauze achimwene kuti mkazi wanga wayeza galimoto yawo, yalephera mayeso?"

Alamu anali atatiwona. Anamenya tayala ndi nsapato, likumveka kuti gu.

"Mlamu, ukumva? Ili ladutsa Zimbabwe ndi Mozambique. Ku Nathenje ndi kuseri kwa nyumba. Kapena ku koleji ankakuphunzitsaninso za matayala a chimanga?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, chifukwa mtengwa sakwiyira nthabwala za alamu ake pagulu. Pamene ndinkaganiza chonena, apongozi anali atakwera kale, atakhala pabedi lija, mwana wanga ali pamiyendo pawo. Kumulanda mwana pamiyendo pa agogo ake, anthu akuwona, sindinathe. Ndinakwera.

Tinadzaza mpaka ena kukhala pa matumba a ufa. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo phula linkachita kunyezimira ndi kutentha. Titangolowa mumsewu ndinayamba kumva kugunda pansi pa mpando wanga, du, du, du, kukufulumira galimoto ikathamanga. Alamu anati ndi chifukwa choima nthawi yaitali, tayala likatenthedwa liwongoka. Azimayi anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi. Maso anga anali pa mutu wa mwana, kenako pa ngodya yachitsulo ya kasinki, kenako pa botolo la gasi lomwe linkagwedezeka pafupi ndi mapazi ake. Munalibe lamba aliyense womangira munthu. Ndinkaona m'maganizo mwanga galimoto ikugubuduzika, ufa uli mbuu, ine ndikufufuza mwana pakati pa miyendo ya anthu. Ndinayesa kupemphera koma ndinkangobwereza mawu awiri oyamba.

Tisanalowe mumsewu waukulu wa ku Dedza tinaima pomwetsera mafuta. Ndinati mwana akufuna kukodza, ngakhale sananene, ndipo apongozi anandipatsa. Nditamubereka kumbuyo ndinazungulira galimoto. Tayala lija linali lotentha moti sindinathe kusiyapo dzanja, ndipo m'mbali mwake munali mutatuluka chotupa ngati dzira la nkhuku. M'mawa munalibe.

Ndinawaonetsa amuna anga. Nkhope yawo inasintha, ndinaiona. Anaitana alamu.

"Aa, kameneka? Tiyenda pang'onopang'ono," anatero alamu. "Tikafika tiika sipeya."

"Sipeyayo inabwera limodzi ndi anzakewa, alamu."

"Ndiye ukuti bwanji, mlamu? Tigone pano?"

"Ine ndi mwana sitikweranso."

Apongozi anasuzumira pawindo.

"Mayi a mwana, ndiye kuti ife tikukafa, inu nokha ndi amene mwaona? Kulosera ngozi pa ulendo wa kumanda?"

"Pepani amayi. Sindikulosera. Ndikuopa basi."

"Bweretsani mdzukulu wangayo, inuyo muzibwera m'mbuyo ndi mantha anuwo."

Ndinangomangitsa chitenje pachifuwa n'kubwerera m'mbuyo. Amuna anga anaima pakati, akuyang'ana amayi awo, akuyang'ana ine. Kenako anandiuza chapansipansi kuti ndikwere minibasi, iwo sangawasiye amayi. Galimoto inanyamuka, mwana akulilira agogo ake, akundimenya msana ndi timanja.

Mu minibasi sindinapeze mtendere. Pamalo paliponse pamene ndinaona anthu ataunjikana m'mbali mwa msewu, ndinkasuzumira pawindo kuti ndione ngati ndi galimoto ija. Ena ankagula tomato, ena ankadikira galimoto. Ndinaimbira amuna anga, foni osayankhidwa.

Nditafika ku Nathenje ndinaipeza galimoto itaima bwinobwino pansi pa mtengo, ufa atatsitsa kale. Alamu anandilandira ndi manja awiri.

"Takulandirani a polisi a pamsewu. Ife akufa tafika kalekale."

Apongozi sanandilankhule tsiku lonse. Pobwerera alamu anaika sipeya ija, ndipo anafikanso bwino. Ine ndi mwana tinabwerera pa minibasi.

Kunena zoona, kufika kwawo kwabwinoko ndi kumene kwandiwonjezera mantha. Tsopano aliyense ali ndi umboni woti matayalawo ndi abwino. Amuna anga anakawapempha alamu kuti asinthe onse, iwo n'kuyankha kuti tayala limasinthidwa likatha mizere. Galimotoyo ikuyendabe, Lamlungu kutchalitchi, nthawi zina ku Likuni kukaona odwala.

Kale ndikamapita ku ntchito mwana ndinkamusiya kwa agogo ake. Masiku ano, poopa kuti angamukweze m'galimoto ija, ndimapita naye kusitolo, amakhala pakatoni kuseri kwa kauntala, kutali ndi mashelefu a mankhwala. Abwana anga andiuza kuti si malo a mwana, ndipo akunena zoona. Mwezi wamawa ndiyenera kupeza pomusiya. Apongozi atumiza uthenga kuti pakhomo pawo ndi potsegula, ndipo sindinawayankhebe.