Funso limene ndinalemba m'kabuku ka kuchipatala

Amuna anga anawapeza ndi khansa ndili ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Chotupacho chinali kumalo obisika, ndipo kuchipatala chachikulu anawachotsa tchende limodzi, kenako n'kuyamba kuwapatsa mankhwala a m'diripi. Mwana atabadwa, bala linali litapola kale.

Kwathu cha ku Edingeni mwana akakwanitsa miyezi ingapo amayenera kutengedwa. Bambo ndi mayi amakhalira limodzi koyamba chibadwire mwanayo, kuti akhwime, asadwale akanyamulidwa ndi anthu ena. Amene anabwera kudzatiuza kuti nthawi yakwana anali ankhazi, mlongo wawo wa apongozi anga aamuna. Ine ndinagwada n'kuthokoza mwa kwathu kuti yewo. Amuna anga anangoyang'ana pansi.

Panapita mwezi osachitika kanthu. Iwo ankagona chafufumimba, nkhope kukhoma. Ankhazi ankandipeza kudimba.

“Mkamwana, zatheka?”

“Ayi, ankhazi.”

“Mbwenu ukudikira chiyani? Mwamuna wadwala, ndiye wayamba kunyansidwa naye?”

Mwana atayamba kutsokomola, mudzi wonse unadziwa wolakwa. Apongozi aakazi ananena kuti zikapitirira amutenga mwanayo azikhala naye okha akangosiya kuyamwa, ine ndikapume kwathu. Ng'ombe za malowolo zinaperekedwa, mwana ndi wawo. Ndikanayankha chiyani?

Tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa tili awiri, ndinalimba mtima.

“Bambo ake, ndakulakwirani chiyani?”

Anaika fodya pansi. Kenako anati, “Ukufuna ndikupatsire? Munthu wina ku Jenda anandiuza kuti matendawa amalowa mwa mkazi n'kukadya chibelekero. Tife tonse, mwanayu atsale ndi ndani?”

“Adokotala anatero?”

“Adokotala sananenepo kanthu.”

Zinandipweteka chomene. Ulendo uliwonse wokaonana ndi adokotala ndinkapita nawo, koma m'chipinda ankalowa ndi alamu, akulu awo a amuna anga, chifukwa ndiwo anali gadiyani. Ine ndinkatsala pa benchi ndi mwana ndi chikwama. Akatuluka, alamu ankati, “Akuti zonse zili bwino,” basi tizikakwera basi. Zonse ziti? Mwamuna angafunse za m'nyumba mkulu wake ataima pambali? Nanga ine, amene sinditha n'kuwayang'ana kumaso alamu?

Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma kulemba ndimatha. M'mawa wa ulendo wotsatira ndinatenga kabuku ka kuchipatala ka amuna anga, ndinatsegula tsamba limene adokotala akanalembapo tsikulo, n'kulemba ndi pensulo pamwamba penipeni: Kodi matendawa amapatsilana mukagona limodzi? Ndine mkazi wao ndili panja.

Kabukuko ananyamula ndi alamu. Njira yonse kanali m'thumba la jekete lawo, ndipo maso anga sankachoka pa thumbalo. Basi itaima pa Jenda anakatulutsa n'kumadzikupizira. Ndinatsala pang'ono kutsika.

Kuchipatala ndinakhala pa benchi yanga ija. Posakhalitsa chitseko chinatseguka, alamu anatuluka nkhope itakwinyika.

“Akuti mulowe inu. Kaya n'zachiyani.”

Adokotala anali mayi. Anatseka chitseko n'kundifunsa ngati ndinalemba ndine. Ndinagwedeza mutu, maso ali pa simenti. Iwo anatembenukira kwa amuna anga.

“Bambo, khansa si chinzonono. Simungawapatsire. Mbali yatsalayo ikugwira ntchito. Thupi likachedwa kudzuka masiku oyamba musadabwe, mantha amatero, koma zikapitirira mudzandiuze. Chokhacho, musafulumire kutenga mimba ina chifukwa cha mankhwala aja. Mudutsire kwa azakulera.”

Basi. Mawu onsewo sanatenge nthawi imene madzi a tiyi amawira. Ine ndinali nditanyozedwa miyezi itatu, amuna anga akudziyesa poizoni, chifukwa cha zimenezo. Ndinafuna kufunsa kuti bwanji sanatiuze kalekale, pa tsiku la opaleshoni, koma pakamwa panangotuluka “yewo”. Adokotala anamuyezanso mwana. Chinali chifuwa wamba.

Sizinatheke sabata imeneyo, ngakhale yotsatira. Koma nkhope inachoka kukhoma, ndipo ankhazi atabweranso amuna anga anatuluka okha kukawayankha.

“Ankhazi, musiyeni mkazi wanga. Amene ndinkakana ndine.”

Mwambo wotenga mwana uja tinachita mwezi wotsatira, ndipo nkhani yoti ndipite kwathu inathera pomwepo. Palibe anandipepesa. Alamu mpaka lero amanena kuti adokotala aja ndi amwano, anawatulutsa ngati mwana. Kuchipatala amapitabe nafe, ndipo kabuku amanyamulabe ndi iwo. Mawu anga aja ndinawafufuta ndi chala chonyowa, panatsala chidetso chakuda pamwamba pa tsamba. Koma dzina la amuna anga likaitanidwa ndimaimirira msanga, mwana kumbuyo, alamu asanatole chipewa chawo.