Mayi Sayizi Anasankha Ndege Poyang'ana Mapazi

Mayi Sayizi sayamba ndi nkhope poyang'ana munthu. Amayamba ndi mapazi. Ukangoima pakhomo pa shopu yawo, moni usanapereke, umamva: “Sayizi sikisi, koma phazi lotambalala. Yosongoka kutsogoloyo isiyeni, mukalira nayo ku ukwati.” Dzinalo linachokera pamenepo, ndipo lenileni lija ambirife sitilidziwa.

Shopu yawo ili m'khonde lachiwiri la nyumba ya mashopu, pakati pa telala ndi ine. Ine ndimagulitsa machaja ndi makava a foni, n'chifukwa chake amanditcha Chaja. Khoma lotilekanitsa ndi lathabwa, moti nkhani zawo ndimazimva ngakhale ndisakufuna.

Anayamba ndi nsapato zakaunjika, atayala pa saka m'mbali mwa msewu, akumazitsuka ndi mswachi wakutha. Amuna awo atamwalira anatsala ndi ana atatu ndi saka lomwelo. Kuchoka pa saka anafika pa tebulo, kenako anayamba kukwera basi kukapikula kutsidya kwa malire. Ana atakula anayamba kukwera ndege kupita kumayiko akutali kumene nsapatozo zimapangidwa. Sagula nsapato asanaipinde pakati, kuinunkhiza ndi kupisa dzanja m'kati kuti amve msoko. “Pa chithunzi nsapato imanama,” amatero. “M'manja imachita manyazi.”

Ndege zimene amalonda a m'nyumba mwathu amakwera ndi za makampani atatu, ndipo tinazipatsa mayina athu. Pali Sofa: mipando yofewa, kanema pamaso pa aliyense, bulangeti, chakudya chotentha, ndipo imauluka osatera paliponse mpaka kukafika. Pali Benchi: mipando yake imakukumbutsa pamzere wa kuchipatala, ndipo imatera pakati pa ulendo n'kukutsitsani kuti mukasinthe ndege. Ndiye pali Mawa. Imeneyo mtengo wake ndi wokoma, koma ukafika pabwalo ndi zikwama zako amakuuza kuti ubwere mawa.

Mayi Sayizi anali a Sofa kuyambira kale, ndipo ankatiseka tonse ofunsa za ndege zina. Koma pa ulendo wa chaka chatha anawapatsa mpando wa pazenera, pambali pawo pali azibambo awiri akuluakulu amene anagona ndege isananyamuke. Mayi anachita zimene amalonda ambiri achikulire amachita: anakana madzi, anakana tiyi, kuti asamadzutse anthu popita kuchimbudzi. Mwendo utayamba kukoka anayesa kuimirira, koma mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo, amene ankakankha kangolo ka chakudya, anawamwetulira bwinobwino n'kuwauza kuti akhale pansi. Anakhala. Mpandowo unali wofewa, anagona. Pofika anatuluka ali pa chikuku, nsapato zili pamiyendo, mwendo wakumanzere utatupa ngati chipika.

Dokotala anati magazi anaundana m'katumba chifukwa chokhalitsa malo amodzi. Anamwa mankhwala nthawi yaitali. Atachira, dokotalayo ananena kuti angathe kuulukanso, bola azivala masokosi othina aja, azimwa madzi, aziyendayenda m'ndege. Mwana wawo wachisamba, amene ndi makaniko, anamva mbali yoyamba yokha. Anatenga pasipoti ya mayi ake n'kukaikiyira m'bokosi la zipangizo ku galaja.

“Masiku ano anthu akuitanitsa katundu pa foni, Amayi,” anatero. “Inu muzikhala m'shopu, muzingolandira.”

Sanachite mwankhanza. Ndi iye amene anakankha chikuku chija kuchoka pabwalo la ndege, ndipo ndinamuona akupukuta maso kuseri kwa galimoto.

Makatoni a pa foni aja anafikadi. Mayi Sayizi anatsegula loyamba, natulutsa nsapato yakuda yonyezimira, naipinda pakati. Soli inayasamula. Anatenga yachiwiri, nayonso inayasamula. Anaziika pa kauntala moyang'anizana ndi khomo ndipo anaitanitsa Makaniko.

“Taziona, bambo anga,” anatero, pakuti akakwiya amamutchula choncho. “Zikukupatsa moni.”

“Tipeza wogulitsa wina, Amayi.”

“Upeza foni yokhala ndi mphuno? Bweretsa pasipoti yanga.”

“Mukufuna mukafere m'mwamba?”

“Ndiye ndifere muno, ndikugulitsa zoyasamula kwa anthu amene ndinawaveka ali ana? Si ndege imene inandipweteka ayi. Ndi mpando umene unandipweteka.”

Anakangana mpaka telala anaimitsa makina ake kuti amve bwino. Mapeto ake anapangana. Makaniko abweza pasipoti pa ulendo umodzi. Mayi akadzatuluka ali pa chikuku, kapena nsapato zili m'manja, pasipotiyo idzabwerera m'bokosi la zipangizo ndipo sidzatulukanso. Mayi anavomera, telala ndi ine tili mboni.

“Koma tikiti ndikugulirani ndine,” anatero Makaniko. “Ya Sofa, kuti mukayende mwaufulu.”

“Ndege ndisankha ndekha. Iwe ukasankhe matayala.”

Kasankhidwe kawo kanali kotere. Masana ena ankatseka shopu, n'kukwera minibasi kupita kubwalo la ndege, n'kukakhala pa mpando wachitsulo moyang'ana khomo lotulukira ofika kumene. Tsiku lina ndinapita nawo, chifukwa nanenso ndikusonkhanitsa mpamba woti ndikadzipikulire ndekha katundu. Ine ndinali nditawerenga kale pa foni zimene anthu amalemba za ndegezi. Sofa anaipatsa nyenyezi zambiri, Benchi zochepa. Nditawaonetsa anangoti, “Olemba zimenezo mawondo awo ndi atsopano. Yang'ana pansi, Chaja.”

Anthu a Sofa anatuluka nkhope zosalala, ena akuyasamulabe. Koma pansi zinali zina. Bambo wina wa suti anali ataponda zidendene za nsapato zake n'kumazikhwekhwereza ngati patapata. Mayi wina zingwe zinali zomasula mpaka pansi. Mtsikana wina anali ndi masokosi okha, nsapato zake zazitali atazikolowetsa ku zala.

“Waona? Awa agona bwino. Mapazi ndiye sanagone.”

Anthu a Benchi anatuluka akudandaula, ena atagwira m'chiuno, wina akutukwana tiyi wozizira. Koma ambiri nsapato zinali kumapazi, zingwe zomanga. Kumapeto kunatuluka agogo ena aamuna ali pa chikuku, ndipo pambali pawo pankayenda mtsikana wa yunifolomu ya Benchi atawanyamulira chipewa. Sanawasiye mpaka abale awo atafika. Mayi Sayizi anamuyang'anitsitsa mtsikanayo, kuyambira kumapazi monga mwa nthawi zonse.

“Nanga a Mawa?” ndinafunsa.

“Tidzawaona mawa.”

Ine mutu wanga sukhala phee ndi masamu osakwana. Ndinawauza kuti ndege ziwiri sizingagamule mlandu. Komanso mwina si ubwino wa Benchi ayi: anthu ake amatsika pakati pa ulendo, n'kuyenda mtunda kukasaka ndege inayo, pamene a Sofa amakhala pansi kuyambira konyamukira mpaka kofikira.

“Ndiye ukunditsutsa kapena ukundithandiza?” anatero. “Zimene wanenazo n'zimene ndikufuna. Anditsitse, ndiyende, nditukwane, magazi ayende.”

Sanalekere pomwepo. Aliyense wa m'nyumba mwathu amene anakwerapo Benchi anafunsidwa. Sankafunsa za chakudya kapena za kanema. Ankafunsa ngati bokosi la nsapato lingalowe pakati pa bondo ndi mpando wakutsogolo. Ankafunsa ngati madzi amabwera ukapempha, kapena amadikira nthawi yawo. Makamaka ankafunsa kuti munthu akaimirira kumbuyo kwa ndege, pafupi ndi pophikira, ogwira ntchitowo amatani. Mayi wogulitsa mawigi anati iye anaimako nthawi yaitali, ndipo m'malo momuthamangitsa anamupatsa kapu ya madzi n'kuyamba kumufunsa za tsitsi. Wogulitsa zida za njinga anati Benchi ndi chilango, msana wake sunaiwale. Mayi Sayizi anamva zonse ziwiri n'kunena kuti msana umasisitika.

Kwa mayi wogulitsa matikiti ndinawaperekezanso. Anapempha Benchi, mpando wa m'mbali mwa kanjira ka pakati, chakumbuyo.

“Kumbuyo kumagwedezeka, Mayi, komanso n'kufupi ndi chimbudzi,” anatero wamatikitiyo.

“Chimbudzicho ndi m'bale wanga tsopano.”

“Ndiye dziwaninso kuti pa tikiti imeneyi Benchi imalola chikwama chachikulu chimodzi. Sofa imalola ziwiri.”

Ndinawerengera msanga. Chikwama chimodzi chimanyamula mapeyala ngati makumi atatu a nsapato zachikazi. Amenewo akanayenera kuwatumiza padera n'kuwadikira. Ndinawanong'oneza.

“Mapeyala makumi atatu,” anatero mokweza. “Miyendo ndili nayo peyala imodzi. Lembani.”

Makaniko atamva anabwera ku shopu ali ndi ovolosi yake yamafuta.

“Benchi, Amayi? Anthu akati chiyani, kuti mwana wawo walephera kuwagulira ndege yabwino?”

“Anthuwo anati chiyani utandikankha pa chikuku? Anaombera m'manja kuti Sofa?”

“Mukasochera posintha ndege.”

“Ndinkasintha mabasi pa malire iwe ukuyamwa chala.”

Tsiku lonyamuka anavala masokosi othina aja ndi nsapato zachikopa zofiirira, zafulati, zazingwe. Pabwalo la ndege anatambasula phazi n'kuuza mwana wawo kuti amange yekha. Makaniko anagwada pakati pa anthu ndi zikwama, namanga. Kenako anatulutsa m'thumba cholembera cha penti wachikasu, chimene amaikira chizindikiro pa mabawuti akamaliza kumanga injini, nadontheza kadontho pa chingwe chilichonse, pamene panali mfundo.

“Pobwera mfundo idzakhale pa kadonthoka,” anatero.

“Zimenezo sizinali m'pangano.”

“N'zongofuna kudziwa.”

Anapita. Shopu inatsala ndi mwana wawo wamkazi, amene sayizi ya munthu amachita kufunsa. Makaniko ankadutsa m'khonde mwathu tsiku lililonse ngati akufuna chaja, koma chaja sanagule.

Masana a tsiku lobwerera tinakadikira pa mipando yachitsulo yomwe ija. Benchi inatera mochedwerako. Anthu anayamba kutuluka, atagwira m'chiuno monga mwa mwambo wawo. Anatha. Kenako kunatuluka zikuku ziwiri. Makaniko anaimirira, khosi litatalika. Pa choyamba panali bambo wa ndodo, pa chachiwiri mayi wovala duku amene sitinkamudziwa. Khomo linatsekeka. Makaniko anayamba kuyenda uku ndi uku, akupukuta manja ku buluku ngati ali ndi mafuta.

Khomo litatsegukanso tinayamba kumva mawu, thupi tisanalione.

“Iwe ndiwe faifi ndi hafu, usalole akuveke faifi. Chala chakocho chidzakwera pa chinzake.”

Anali Mayi Sayizi, akuyenda ndi miyendo yawo, akukankha ngolo ya katundu, pakati pa atsikana atatu a yunifolomu ya Benchi. Anali atachedwa chifukwa chowadikira. Kuchokera kosinthira ndege kuja ankaima nawo kumbuyo kwa ndege, akumwa madzi, akupondaponda, ndipo anaona kuti onse atatu nsapato zikuwaluma. Mmodzi anawagwira dzanja potsanzikana n'kunena kuti adzafika ku shopu.

Makaniko sanapereke moni. Anagwada n'kuyang'ana zingwe. Kuphazi lamanja mfundo inali pa kadontho kachikasu ndendende. Kumanzere inali itapitirira, mpata wa chala chimodzi. Anakhudza kakolo ndi chala chachikulu, monga amayesera tayala. Anawayang'ana ali chigwadire.

“Phazili latupa, Amayi.”

“Latupa pang'ono. Lili m'nsapato kapena nsapatoyo ili m'manja?”

“Lili m'nsapato.”

“Chikuku ukuchiona?”

“Ayi.”

“Ndiye dzuka, anthu aziyesa ukundipempha ukwati.”

Anadzuka n'kutambasula dzanja. Pasipoti inali m'manja mwa mayi ake, ndipo onse awiri anaiyang'ana. Mayi Sayizi anatsegula kachikwama kawo ka m'khwapa, naiponyamo, natseka zipi pang'onopang'ono kuti imveke. Dzanja la Makaniko linakhala m'malere kanthawi, kenako linatsikira pa chogwirira cha ngolo ija.

“Mawa m'mawa tikaonetse mwendowo kwa dokotala,” anatero.

“Tipita. Ndikamuuze kuti ndinayenda wapansi kuchokera kutsidya kwa nyanja.”

M'galimoto ndinawafunsa kuti Benchi inali bwanji. Anati mpando unali wouma ngati thabwa lochapira, kanema wawo anafa ndege isanafike m'mitambo, tiyi anali ngati madzi otsukira kapu, ndipo msana ukuwawa mpaka m'khosi. Posintha ndege anayenda mtunda woti akanakwera minibasi.

“Ndiye ulendo winawo mubwerera ku Sofa?” anafunsa Makaniko, maso ali pa msewu.

“Wamva, Chaja?” anatero Mayi Sayizi. “Wati ulendo winawo.”

Anawerama, natsegula chikwama chimene chinali pamapazi pawo, natulutsa nsapato yakuda yachimuna. Anaipinda pakati mpaka chala chinakhudza chidendene, naisiya. Inabwerera m'malo mwake osatsegula pakamwa. Anaiika pa miyendo ya mwana wawo akuyendetsa.

“Naini,” anatero. “Inzake ndikupatsa ukandibwezera kava ya pasipoti yanga. Yatsala m'bokosi lako la masipanala.”